Mkamwana pa Njira ya ku Khondowe

Bessie anayamba kudana nawo mapiriwo asanawakwere n'komwe. Ukaima pa Mlare ankaoneka pafupi, ngati ungakafikeko dzuwa lisanapendeke, koma gulu linayenda, n'kugona, n'kuyendanso, mapiri ali pompaja, akungosintha mtundu basi.

Chaka chilichonse, mpunga ukalowa m'nkhokwe, akhristu a ku Mlare ndi a ku Ngara ankanyamuka wapansi kupita ku Khondowe, pamwamba pa mapiri, kukadya Mgonero m'tchalitchi chachikulu cha kumeneko. Malole analipo, basi inalipo. Koma akuluakulu ankati makolo awo anapitako ndi miyendo pokafuna Mawu, ndiye wokwera galimoto ndi mlendo wokaona malo chabe. Amuna ankatsogola ndi ndodo zawo, opepuka ngati akupita kukaona munda. Akazi ankabwera m'mbuyo ndi mitolo ya chinangwa, usipa, mapoto ndi mphasa pamutu, ndipo ndi iwowa amenenso ankayembekezeka kuyambitsa nyimbo.

Bessie sankaimba. Nyimbozo zinali za Chinkhonde ndi Chitumbuka, iye anali Mchewa wa ku Dowa, ndipo mpweya umene akanaimbira ankaufuna ponyamula Ambokile kumsana. Mwanayo anali atangoyamba kumene kuyenda, koma kulemera kwake ngati thumba la mchere.

Kumpoto kuno anabwera chifukwa cha Gordon, mwamuna wake, amene ankaphunzitsa pa sukulu ina pafupi ndi Mponela. Boma litalamula kuti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo, iwo anamanga katundu n'kukwera lole, Bessie ali ndi pakati. Pa Mlare Gordon sanakhalitse. Anayamba chifuwa, anaonda, ndipo mvula yachiwiri isanathe anamuika pansi pa nthochi kuseri kwa nyumba ya bambo ake. Maliro atatha, Bessie anayamba kulongedza timapoto take kuti azipita kwawo ndi mwana, monga achitira mkazi aliyense wa ku Dowa. Apa mpamene anamva nkhani ya ng'ombe.

Ng'ombezo ankazikumbukira bwino. Ukwati usanachitike, abale a Gordon anabwera ku Dowa, nagula ng'ombe pa msika, n'kuzikusa mpaka pa khomo la amalume ake. Amalumewo anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Koma anthu a kumpoto ndi owolowa manja!" Anazilandira ngati mphatso, ina anapha pa ukwati pomwepo, ina anagulitsa n'kufolera nyumba ndi malata. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa tanthauzo lake. Kwa Achewa mwana ndi wa kwa mayi ake, ndani sadziwa? Koma kwa a Gordon, ng'ombe zikatuluka m'khola, ana onse obadwa ndi a kuchimuna. Tsono Ambokile anali atadyedwa kale pa ukwati, asanabadwe.

Hudson, mkulu wake wa Gordon, ananena mosapsatira. "Mlamu, tikabwerako ku Khondowe nkhani iyi ithe. Mwana aleke kuyamwa, apite kwa mkazi wanga. Inu mukafuna kukhala, nyumba yanga ilipo. Mukafuna kupita, msewu uwo."

Munthu mmodzi yekha amene akanatha kunena china anali a Manase Mwandenga, bambo ake a Gordon, mkulu wa mpingo. Koma amenewo Bessie sakanatha kuwalankhula. Mwambo wa kumeneko unali wolimba ngati chikumba chouma: mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saonana maso ndi apongozi aamuna. Satchula dzina lawo, salowa m'nyumba muli iwo, akamva chifuwa chawo panjira amapatukira kutchire n'kufunda nsalu kumutu. Nawonso apongozi amayang'ana kumbali. Chibwerere pa Mlare, Bessie ankadziwa a Manase ndi ndodo yawo, chipewa chawo ndi katsokomoledwe kawo. Nkhope sankaidziwa.

Mawu onse ankadzera mwa a Yunike, mlongo wawo wa a Manase, mayi wabwino mtima koma woopa phokoso kuposa njoka. Bessie ankawatuma kuti, "Azakhali, kawauzeni apongozi kuti popanda mwana uyu ine ndifa." A Yunike ankapita, n'kubwerako ndi yankho loti, "Akuti ndaga, zikomo, nawonso akupereka moni." Mawu ankachoka ali ndi minga, n'kukafika atasendedwa ngati chinangwa. Ndiye Bessie analowa nawo ulendo wa ku Khondowe, osati chifukwa cha Mgonero ayi, tisanamizire Mulungu. Ankaganiza kuti mwina panjira, kutali ndi mudzi, mpata ungapezeke.

Mpata sunapezeke. Panapezeka matuza. Nsapato zake zapulasitiki zinamudya zidendene tsiku loyamba lomwe, ndiye anazivula n'kuzimangirira pa mtolo, miyala n'kuyamba kumudya mapazi. Ankagona m'masukulu ndi m'timatchalitchi ta udzu, akazi mbali ino, amuna mbali iyo, ndipo m'mawa uliwonse msana wake unkadzuka mochedwa kuposa mwini wake. Pa mlatho wina ayufi anawaimitsa kufuna makadi a chipani. Gulu lonse linatula mitolo padzuwa, agogo akumasula mfundo za nsalu ndi mano. Mnyamata wina, ndevu zisanamere n'komwe, analoza Ambokile ndi chibonga.

"Nanga uyu khadi lake?"

Bessie analitulutsa. Analigula kalekale, podziwa kuti masiku amenewo ngakhale mwana wa m'mimba ankafunsidwa. Mnyamatayo analitembenuza uku ndi uku, ngati wakhumudwa kuti lapezeka.

Atadutsa Sangilo anausiya msewu waphula n'kulowa njira ya m'mapiri. Apa ndiye nyimbo zinatha zokha. Njirayo inali ya mbuzi, yokhotakhota pakati pa miombo yoyoyoka masamba, fumbi lofiira ndi timiyala totsetsereka. Ukati wafika pamwamba, umapeza chitunda china chikukudikira kuseri. Amayi ankakwera dzanja limodzi pa mtolo, lina pa bondo, osalankhulana, kungomveka wefuwefu ndi kulira kwa mapoto. Mwa apo ndi apo ankadutsa kanyumba kamodzi kokhala pakokha, mwini wake n'kutuluka ndi chikho cha madzi, osafunsa kuti ndinu ayani. Kenaka tchire lokhalokha.

Bessie anayamba kutsalira. Poyamba ankaona mitolo ya anzake ikugwedezeka patsogolo, kenaka ankangomva mawu awo, kenaka zii. Ambokile anali atalira mpaka kutopa, tsopano ankangomenyetsa mutu pamsana pa mayi ake. Thukuta linkalowa m'maso. Bessie anatukwana phirilo chamumtima, anatukwana amalume ake ndi malata awo, anatukwananso Gordon chifukwa chomusiya pakati pa anthu amene ngakhale kulira kwake sankakumva. Atatero anachita mantha, napepesa kwa Gordon yekha. Amalume sanawapepese.

Dzuwa lili paliwombo anakhota pa thanthwe lina, n'kumva chifuwa chija. Asanaganize n'komwe, thupi linachita zimene linazolowera: anatembenuka, nagwada m'mbali mwa njira, nakokera nsalu kumaso. Anangoona kanthu kochepa, nsonga ya ndodo ndi mapazi awiri otuwa atatambasulidwa pa fumbi. A Manase, amene chinyamukire ankatsogolera amuna, anali atakhala pa mwala pansi pa mtengo wa msuku.

A Yunike anali nawo, ndipo anathamangira kwa Bessie akukupiza manja ngati akuingitsa nkhuku. "Mkamwana, dzera kumtunda uko, m'maudzu. Fulumira."

Kumtundako kunali thanthwe, kumunsi phompho. Bessie sanasunthe. Kunena zoona, ngakhale pakanakhala msewu waphula sakanadzuka. Mawondo anali atapeza pansi ndipo sankafunanso kumva za wina.

A Manase analankhula ndi mlongo wawo m'Chinkhonde, mawu otsika, opumira pakati. Bessie anatolapo ochepa: madzi, Hudson, kutsogolo. A Yunike anatsutsa, mkuluyo anabwereza, ndipo mayiyo ananyamula chigubu chopanda kanthu n'kuyamba kukwera akung'ung'udza. Asanakhote anacheuka. "Mkamwana, ukhale choncho. Usatembenuke."

Anakhala choncho. Mphepo inkawomba masamba ouma, nyerere zikuyenda pa mwendo wake. Anali atadikira mpata umenewu miyezi yonseyi, ndipo tsopano utafika, sankadziwa poyambira. Munthu ungayambe bwanji kulankhula ndi amene sunalankhulepo naye, utamufulatira?

Amene anayamba ndi Ambokile. Popeza mayi ake anafulatira, iye kumsanako anapotoloza khosi, naona agogo ake, n'kuyamba kudumphadumpha m'mbereko.

"Ugonile, tata," anatero a Manase, kupereka moni m'Chinkhonde. Kenaka anasintha n'kulowa m'Chichewa chawo cholemera, cha kusukulu ya mishoni. "Iwe Ambokile, wakwera phiri lonseli pa msana wa munthu. Ukadzakula udzakumbuke."

Bessie anamvetsa. Mkuluyo sankalankhula Chichewa ndi mwana amene ngakhale Chinkhonde sankachidziwa.

"Ambokile," anatero, maso ali pa fumbi. "Uwauze agogo ako kuti amayi ako atopa."

"Uwauze kuti ndamva. Tonse tatopa."

"Uwauze kuti si phiri lokha ayi." Apa zinamasuka zonse, ngati mtolo woduka luzi. "Uwauze kuti ine kuno ndilibe wanga. Amene ndinabwera naye ali pansi pa nthochi. Uwauze kuti za ng'ombe kwathu sitinkazidziwa, amalume ankayesa chikondi chabe. Akanadziwa akanazibweza, kapena mwina sakanabweza, amalume anga ndimawadziwa, koma ine ndikanadziwa. Uwauze kuti kwa alamu a Hudson sindingalowe. Ndipo kukwera basi wopanda iwe, msana uli pululu, bola andiponye m'phompho ili lero lomwe. Ndawatuma azakhali kambirimbiri, koma mawu anga safika."

Analira, kulira konyansa kwa munthu wotopa, kwa mamina ndi befu. Kenaka anayamba kuopa kuti walakwa kwambiri moti mkuluyo wanyamuka.

"Ambokile," anatero a Manase potsiriza. "Uwauze amayi ako kuti mawu sankafika, koma khoma la nyumba yawo ndi la bango. Ine makutu ndili nawo." Anatsokomola. "Uwauzenso kuti ng'ombe zinapita. Tinazigula titagulitsa ng'ombe za mlongo wake wa Gordon, zimene zinalowa iye atakwatiwa. Pa mudzi palibe amene waiwala. Tikakhala pansi kukamba, Hudson adzalankhula, abale anga adzalankhula, ndipo adzakhala akunena zoona. Ine mawu anga masiku ano ali ngati mano angawa, atsala ochepa ndipo akugwedera. Pa bwalo sindingapambane."

Bessie anatseka maso. Tsono ndi zimenezi. Mapiri onsewa anakwerera zimenezi.

"Uwapemphe amayi ako akumasule, ubwere kuno."

Manja ake anakana. Anagwira mfundo ya mbereko pachifuwa n'kuifinya. Umu ndi mmene zimachitikira kodi? Palibe mkangano, palibe kukokana, kungoti bwera kuno, basi mwana wapita? Anaganiza zodzuka n'kuthawa, koma athawire kuti, ndi miyendo iti? Ndipo mawuwo sanali olamula. Anali a munthu wopempha madzi.

Anamasula. Anamutsitsa mwanayo cham'mbali, namuimika, osacheuka. Anamva timapazi tikupita, tsetsetse, kugwa, kudzukanso, kenaka kuseka. Msana wake unazizidwa ndi mphepo pamene panali mwana, ndipo kupepukako kunamuopsa kuposa kulemera konse kwa ulendo.

Sankaona kanthu, ankangomva. Anamva nthochi ikusendedwa, ndi mkuluyo akuti, "Pang'onopang'ono, tata, palibe akulanda." Anamva chipewa chikugwa pansi, mwana akuseka, mkulu akudandaula monamizira. Kenaka a Manase anayamba kung'ung'udza kanyimbo ka Chinkhonde, kamene Gordon ankaimbanso pometa ndevu. Sanakamalize. Bessie anadziwa, ngakhale sanaone, kuti nkhope ya mkuluyo ili m'khosi mwa mwana.

"Ndaga," anatero a Manase ndi mawu osasa. "Ndaga fijo. Pita kwa amayi ako."

Timapazi tija tinabwerera. Timanja tomata nthochi tinamugwira khosi, ndipo Bessie anamukokera kutsogolo n'kumufungata mwamphamvu mpaka mwanayo anakuwa. Pa dzanja la Ambokile panali patamangidwa kampango kakuda ndi thukuta, kali ndi mfundo yolimba kumapeto.

"Ambokile, tamvera bwino, ukawauze amayi ako. Pa thanthwe mwadutsa paja pali kanjira kotsikira kumanzere. Sikapita ku Khondowe. Kamatsika mpaka pa Chitimba, pa msewu, pamene pamaima basi ya ku Mzuzu. Munthu atayamba tsopano angafike dzuwa likadalipo. Zili m'kampangozo n'za basi."

Bessie anakhudza mfundo ija, namva ndalama m'kati.

"Yunike akabwera ndi madzi, abwera ndi Hudson. Adzandifunsa kuti mkamwana ali kuti. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndikupita ku Mgonero, bodza sindinganene. Ndidzati sindinamuone." Anaima, akupuma movutikira. "Ndipo si bodza. Chibwerere chake ine mkamwana wanga sindinamuonepo. Mwambo si wanga, ndinaupeza. Hudson akafuna kukwiya, akakwiyire makolo."

"Ambokile," anatero Bessie, mawu akutuluka ngati a munthu wina, "uwafunse agogo ako kuti iwo atsala ndi yani pano. Akudwala."

"Uwauze kuti sindikudwala, ndakalamba. Mwala uwu ndi wabwino."

"Uwafunse kuti nanga manda a atate ako adzasesa ndani."

"Manda sasowa wosesa. Uwauze achite changu, Yunike ndi wonenepa koma potsika amathamanga."

Bessie anaganiza za timapoto take pa Mlare, bulangete la ukwati, chithunzi cha Gordon chili pa khoma. Anaganiza za mkulu uyu akubwerera kumudzi wopanda mdzukulu, akukhala pa bwalo pakati pa abale okwiya, akubwereza mawu amodzimodzi. Iyeyu anali atakwirira mwana wake, ndipo kamene kanatsala ka mwanayo ndi aka ankakapereka. Bessie anafuna kunena kanthu koyenera, koma m'Chichewa monse sanapezemo.

"Ambokile, uwauze kuti ukadzakula ndidzakutuma. Udzabwera kudzawaona."

"Uwauze kuti asalonjeze pa njira ya Mgonero zinthu zimene sizili m'manja mwawo," anatero a Manase mofatsa. "Ingoti akadzakufunsa anthu a ku Dowa kuti ndiwe yani, udzati Mwandenga. Basi. Tsopano ine ndikutembenuka, ndiyang'ane kumtunda. Sindicheukanso."

Anamva ndodo ikukhokhoza miyala, ndi kubuula kwa munthu wokalamba amene akusuntha thupi lake pa mwala.

Bessie anaponya mwana kumsana, namanga mbereko. Mtolo wa chinangwa ndi mphasa anausiya pomwepo, anthu adzadye. Anangosolola nsapato zake. Poimirira mawondo analira, matuza anayaka moto, ndipo anazindikira kuti kutsika kudzawawa kuposa kukwera. Anayamba kuyenda, phazi ndi phazi, kubwerera ku thanthwe lija. Kanjira kanalipodi, kobisika m'maudzu, kotsetsereka.

Pamenepo anaima. Anthu onse pa Mlare ankati Gordon anatengera bambo ake, mphuno, chipumi, kasekedwe. Bessie anali asanaonepo. Gordon sadzakalamba, koma nkhope imene akanakhala nayo atakalamba inali pomwepo, kuseri kwa phewa lake, ndipo akatsika kanjira aka sadzaionanso. Mwambo anali atausunga mokwanira. Anacheuka.

Anaona msana. Jekete lakuda lotuwa m'mapewa, khosi lopyapyala, imvi, chipewa chili pa bondo. A Manase anakhala chowongoka ngati ali pa mpando wa akulu m'tchalitchi, maso ali kumtunda kumene kunalibe kanthu koma miyala ndi mitengo. Mapewa okha ndi amene ankagwedezeka.

Ambokile anatulutsa dzanja m'mbereko, lomwe lija la kampango.

"Gogo!" anaitana. "Gogo!"

Mkuluyo anagwira ndodo ndi manja onse awiri, naitsamira. Mwanayo anaitananso, mokweza, mawu ake akumveka phiri lonse, ndipo anapitiriza kuitana mayi ake akutsika naye m'maudzu. A Manase sanacheuke.